Mwana wa zaka 13, mbuzi ziwiri ndi njerwa: ndilembe chiyani mu lipoti?

Mayi Nachisale: Anzanga, mwaswera bwanji ndi kutenthaku? Ndili ndi lipoti lofunika kubwalo la ana Lachinayi, koma masiku awiri atha ndisanalembe kanthu. Ndi mnyamata wa zaka 13, dzina ndi mudzi sinditchula. Anamugwira usiku akukoka mbuzi ziwiri za eni kulowera kumalire ndi Mozambique. Sabata ya m'mbuyo mwake anagenda mnzake ndi njerwa kusukulu, mnzakeyo mpaka anakamusoka m'mutu. A nyakwawa akuti achoke, apite ku Mpemba, kumalo osungirako ana olakwira malamulo. Amayi ake atopa, akuti ndi magazi a bambo ake. Agogo ake akuti anachita kulodzedwa. Chimene chandiziziritsa m'nkhongono n'choti pomufunsa za mnzake wovulalayo, sanagwetse n'komwe nkhope, amangoyang'ana khoma. Ndatsala pang'ono kulemba kuti alibe chisoni ndipo sangasinthe. Ndithandizeni maganizo.

Bambo Thomu: Mayi, mawu akuti "sangasinthe" asalowe m'lipotimo. Pepala limenelo lidzamutsatira mwanayu ngakhale inu mutasamutsidwa. Lembani zimene mwaona ndi maso ndi zimene mwauzidwa, n'kunena anakuuzani ndani. Ine funso langa ndi limodzi: khalidweli linayamba liti? Katswiri wina, Terrie Moffitt, anagawa nkhaniyi pawiri mu 1993. Pali ana ambiri amene amayamba kupulupudza akamatha msinkhu, kuba, ndewu, kuthawa pakhomo, koma akakula amasiya okha. Ndiye pali kagulu kochepa kamene kamayamba kali kakang'ono, zaka 10 zisanakwane, n'kupitiriza mpaka ukulu. Anthu amene iye ndi anzake akhala akuwatsatira ndi oposa 1,000 obadwa mu 1972 ndi 1973 ku Dunedin, New Zealand. Musanadziwe kuti wanuyo ali mbali iti, simungalembe za tsogolo lake.

Yamikani: Madala, komatu za magazi amayiwo sakunama kwenikweni. Tili kusukulu tinawerenga za jini (kachibadwa kamene mwana amatengera kwa makolo) yotchedwa MAOA, imene ena amati imapangitsa munthu kukhala wachiwawa.

Sisita Esinati: Achimwene, munawerenga theka. Kafukufuku wa katswiri wina, Caspi, wa mu 2002, wa ana a ku Dunedin omwewo, anapeza kuti mtundu wina wa jiniyo umayenderana ndi chiwawa mwa anyamata amene anazunzidwa ali aang'ono. Amene anali nayo koma analeredwa bwino sanali osiyana ndi anzawo. Amuna ambirimbiri ali nayo, akulima thonje ndi mapira mwamtendere. Zisiyeni zimenezo. Mayi Nachisale, kabuku kake ka kuchipatala mwakaona? Afunseni amayiwo ngati mwanayu anadwalapo malungo aakulu, okomoka nawo aja, ngati anagwapo mumtengo kapena pa kabaza n'kumenyetsa mutu, komanso ngati amagwa khunyu. Musawafunse pagulu, za khunyu anthu amabisa.

Mayi Nachisale: Sindinafunse, ndivomere. Mawa m'mawa ndidzuka nazo, dzuwa lisanakwiye.

Mayi Nachisale: Ndabwerako. Sisita, ngati munalota. Kabukuko kananyowa ndi madzi a Freddy, masamba ena anamatana, koma zikuwerengeka. Mu 2019, madzi a Idai atangophwa, anadwala malungo ali ndi zaka 7, anakomoka masiku atatu akuphupha. Amayi ake akuti asanadwale anali mwana womvera, wotumika. Mawu awo ndi akuti, "Kuchipatala ndinabwerako ndi mwana wina." Patatha miyezi ingapo anayamba kugwa khunyu, anamuika pa mankhwala a khunyu otchedwa phenobarbital. Amamwa mwa apo ndi apo chifukwa chipatala chili tsidya lina la Shire ndipo bwato ndi lolipira. Chichokereni kumsasa wa othawa madzi a Freddy mu 2023 sanapitenso kuchipatalako. Bambo ake anachoka chaka chomwecho.

Sisita Esinati: Ndiye nkhani yasintha. Kuchipatala cha Queens ku Blantyre anatsatira ana opulumuka ku malungo a muubongo, zotsatira zinatuluka mu 2010. Pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi vuto: ena khunyu, ena kulumala kapena kuvutika kuphunzira, ena khalidwe losokonekera, kupsa mtima msanga ndi kusakhazikika. Kuno kuchigwa, kumene udzudzu wa m'madambo a Elephant ndi Ndindi sutipatsa mpata, ana otere tili nawo m'mudzi uliwonse, koma timangowatcha osamva.

Ndilongosole pang'ono, chifukwa mudzafunika kuwafotokozera a mejisitireti. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene kamachenjeza munthu pakakhala choopsa, kamadzutsa mantha ndi mkwiyo. Kutsogolo, kuseri kwa chipumi, kuli prefrontal cortex, imene imagwira ntchito ya mabuleki: dikira, ganiza, ukagenda chichitike n'chiyani. Mbali ya kutsogoloyi imachedwa kukhwima, imafika mpaka munthu atapitirira zaka 20. Ndiye mwana aliyense wa zaka 13 mabuleki ake ndi osalimba kale. Uyu waonjezerapo matenda amene anatupitsa ubongo, khunyu imene sakuimwera mankhwala mokwanira, njala ya kumsasa ndi bambo wothawa. Kuti kuvulala kwa mbali imeneyi kumasintha khalidwe zinadziwika kalekale. Phineas Gage, wogwira ntchito yomanga njanji ku America, chitsulo chinamubowola mutu mu 1848, anapulumuka, koma omudziwa anati sanalinso munthu amene ankamudziwa uja.

Chinanso: phenobarbital payekha amatha kupangitsa ana ena kukhala osakhazikika ndi aukali. Musamusinthire mankhwala nokha, koma mulembe m'kalata yopita kwa dokotala kuti aunikenso. Kuyang'ana khoma kuja musafulumire kukutcha kuuma mtima. Kungakhale mantha, kungakhale kusamvetsetsa mafunso, kungakhalenso khunyu yaing'ono imene mwana amangoti duu kwa kanthawi osagwa pansi.

Sajeni Alufandika: Pepani madona, ndilowererepo. Ine ndi amene ndimalandira eni mbuzi ku ofesi. Malungo samasula chingwe cha mbuzi 2 koloko usiku. Mwanayu anadziwa khola, anadziwa njira yozemba, anadziwa kumene akupita nazo. Mwini mbuziyo ndi mayi wamasiye, zinali zisanu, Freddy anamusiyira ziwirizo. Ndikamuuze kuti vuto ndi amygdala?

Sisita Esinati: Ayi a Sajeni, musakawauze choncho, ndipo simukulakwa. N'chifukwa chake ndikuti milanduyi isaphatikizidwe. Pali chiwawa chamoto, munthu akaputidwa n'kuphulika nthawi yomweyo osaganiza. Pali china chozizira, chokonzekera, chofuna phindu. Njerwa ija ndi yamoto, ubongo wake ukufotokoza zambiri pamenepo. Za mbuzi ndi zokonzekera, koma funso ndi lakuti anakonza ndi iyeyo?

Bambo Thomu: Eya. Mwana wa zaka 13 sadziwa wogula mbuzi tsidya la malire. Alipo akuluakulu amene amatuma ana chifukwa akudziwa kuti lamulo limafewera ana. Mayi, mufunseni anali ndi ndani, ndipo analonjezedwa zingati.

Aphunzitsi a Fatsani: Ndiyankhepo za kusukulu, poti ndaphunzitsapo ana ogwa khunyu angapo kuno ku Ngabu. Anzawo sawabwereka kapu, sakhala nawo desiki imodzi, amakhulupirira kuti malovu ake amapatsira. Akagwa n'kudzikodzera, dzina limene amupatse tsiku limenelo limakhala lomwelo mpaka Sitandade 8. Fufuzani kuti mnzakeyo ananena chiyani njerwa isanauluke. Sindikuti anayenera kugendedwa. Koma mwana wosalidwa ndi anzake onse, akapezeka anyamata aakulu omuitana "mfana wathu" n'kumugulira mandasi, amawatsatira ngakhale kumoto.

Yamikani: Nanga tingadziwe bwanji ngati alidi wouma mtima? Paja alipo ana amene sachita mantha ndi chilango komanso samva chisoni.

Sisita Esinati: Alipo, koma ndi ochepa, ndipo sizidziwika pocheza naye kamodzi mu ofesi yotentha muli wapolisi pakhomo. Zimafunika kuoneka kwa nthawi yaitali, kunyumba, kusukulu, paliponse. Funsani ngati pali chimene amachisamala: mng'ono wake, galu, agogo. Funsani ngati amazunza ziweto mosangalala. Komanso dziwani kuti matenda a khalidwe losalabadira ena ndi malamulo, amene amatchedwa antisocial personality disorder, salembedwa pa munthu wosakwana zaka 18. Ndaonapo malipoti olembedwa "psychopath", kutanthauza munthu wopandiratu chisoni, pa mwana wa Sitandade 5, ndimachita manyazi.

Sajeni Alufandika: Chabwino. Koma ine maganizo anga, agone m'chitokosi usiku umodzi aone mmene zimakhalira. Enafe tinakula ndi chikoti ndipo tinawongoka.

Bambo Thomu: A Sajeni, zimenezo ku America anaziyesa, ankazitcha Scared Straight: kutenga ana opulupudza kukawaonetsa ndende, akaidi n'kumawaopseza. Atawerengera bwino anapeza kuti ana opita kumeneko anapalamula kwambiri kuposa amene sanapite. Kusonkhanitsa ana ovuta malo amodzi nakonso kuli ndi ngozi yake, amaphunzitsana. Sindikunyoza Mpemba kapena Chilwa, alipo ana ofunikadi kumeneko. Koma lamulo lathu la ana la 2010 limati tiyambe taona ngati mlandu ungapatutsidwe usanafike pozengedwa, bola mwanayo avomere kulakwa kwake. Ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti wosakwana zaka 14 pamafunika umboni woti ankadziwa kuti zimene akuchitazo n'zosayenera.

Mayi Nachisale: Ndacheza nayenso, ulendo uno pansi pa mtengo kudimba, popanda yunifolomu pafupi. Walankhula. Mnzakeyo ankamuyerekezera mmene amaphuphira, kalasi yonse ikuseka. Akuti sakukumbukira kutola njerwa, akukumbukira magazi. Wandifunsa ngati mnzakeyo wachira. Za mbuzi, anali ndi anyamata awiri aakulu amene anathawa ataona tochi, anamulonjeza K5,000. Mayina wandipatsa, a Sajeni ndikutumizirani kumbali. A Yamikani, funso lanu lija: m'mawa uliwonse ndi iyeyo amene amatungira madzi agogo ake, ndipo mlongo wake wamng'ono sagona popanda iye.

Bambo Thomu: Ndiye lembani motere. Mbiri ya matenda ndi madeti ake kuchokera m'kabuku. Milandu iwiri padera, uliwonse ndi chimene chinayambitsa. Pempho lanu likhale loti mlandu upatutsidwe, ndi zoti achite zooneka: kuchipatala sabata ino, kusukulu tsiku lililonse, kusayenda usiku, kupepesa kwa wovulala makolo ake alipo, ndi kugwira ntchito kwa mwini mbuzi. Banjalo ndi la Chimang'anja kapena Chisena? Ngati ndi Amang'anja musasiye malume ake, ndi amene ali ndi mawu pa mbumba. Musalembe kuti adzasintha, monganso simunalembe kuti sangasinthe. Lembani kuti muzimuona sabata ziwiri zilizonse kwa miyezi itatu n'kubweretsa lipoti lina.

Aphunzitsi a Fatsani: Kusukulu kwakeko mupemphe kuti wa zaumoyo akalankhule ndi kalasi yonse za khunyu. Mukapanda kutero njerwa ina ili m'njira. Amayi akenso auzidwe kuti chikoti chapamutu chileke.

Mayi Nachisale: Ndi Amang'anja, malume ake ali ku Bangula, ndawaimbira. Vuto latsala ndi la bwato mwezi ndi mwezi.

Sisita Esinati: Bwerani naye Lachitatu m'mawa, kabukuko mukaike m'pepala la pulasitiki. Ndilankhula ndi dokotala, ngati khunyu yakhazikika tione zomupatsa mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi, mlangizi wa zaumoyo (HSA) wa kwawoko azimuyendera.

Sajeni Alufandika: Takhuta, mayina ndalandira. Kwa mayi wa mbuzi ndipita ndekha mawa, njinga ikapezeka mafuta. Koma ndikuuziretu a Thomu, mbuzi imodzi inathyoka mwendo pothamangitsana paja ndipo anaipha. Imeneyo malume akewo abwere atakonzeka.