Mtsikana wanzeru koma wopanda womulipirira fizi: tiyambire pati?

Mphunzitsi wa Chemistry: Aphunzitsi anzanga, ndigawireni nzeru. Ahedi andisenzetsa udindo wolangiza ana za maphunziro a ku yunivesite, ntchito imene sindinaiphunzirepo. Ndili ndi mtsikana wa chaka chomaliza amene sanatsikepo pa nambala wani chibwerere pasukulu pano. Akufuna uinjiniya, koma kwawo kulibe woti angamulipirire ngakhale teremu imodzi. Tatha masabata atatu tikufufuza pa intaneti ndipo talemba masikolashipu ambirimbiri: Chevening, Rhodes, National Merit ndi ena. Dzulo wina watumizira makolo ake uthenga pa WhatsApp wakuti malo alipo kale ku Canada, angotumiza ndalama yokonzera mapepala. Mutu waima.

Madamu a Chingerezi: Achimwene, choyamba uzani makolowo lero lomwe kuti asatumize kanthu. Sikolashipu yeniyeni siimufunafuna mwana amene sanalembe fomu, ndipo siigulitsidwa. Ameneyo ndi wakuba basi.

Chachiwiri, atatu mwatchulawo fufutani. Chevening ndi ya masters ku Britain, ndipo imafuna munthu amene wagwirapo kale ntchito zaka ziwiri. Rhodes ndi ya amene ali ndi digiri kale, okapitiriza ku Oxford. National Merit ndi ya ana a ku America, monganso fomu ya FAFSA, yopemphera thandizo la fizi ku boma lawo, imene mudzaiona paliponse.

Ahedi Opuma: Madamu anena zoona. Ine ndiwonjezere chimene ndinachizindikira mochedwa. Ndalama zazikulu sizili m'timasikolashipu ta pa intaneti, zili m'thumba la yunivesite yeniyeniyo. Ku America kuli makoleji amene akamutenga mwana amawerengera zimene banja lingakwanitse, zotsalazo n'kulipira okha: fizi, chakudya ndi pogona. Ochepa mwa iwo, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth ndi Bowdoin, posankha mwana wochokera kunja sayang'ana n'komwe ngati ali ndi ndalama kapena ayi. Amati need-blind. Ena ambiri amathandiza ndithu, koma pempho la thandizolo amaliyika pasikelo posankha. Ngakhale zili choncho mwanayo apemphe pomwe akulemba fomu, chifukwa makoleji ambiri salola wophunzira wakunja kudzapempha atalowa kale.

Sala wa Masamu: Bwana, mwaulemu, mayina mwatchulawo ndi amene dziko lonse likulimbirana. Ku Harvard, pa ana 100 olemba fomu otengedwa sakwana 5. Tisamukweze mwana mumtengo n'kumuchotsera makwerero. Ine ndikanayambira ku Mastercard Foundation Scholars Program, imene inayamba mu 2012 ndipo maso ake ali pa achinyamata a mu Africa. Anthu ambiri amalakwitsa polembera ku bungwelo. Fomu imapita ku yunivesite imene ili m'pulogalamuyi, monga Ashesi kapena KNUST ku Ghana, Makerere ku Uganda, kapena University of Cape Town. Iliyonse ili ndi tsiku lakelake lotsekera, ndipo zina zimatenga a masters okha, ndiye muone kaye musanataye nthawi. Wofuna uinjiniya ayang'ane bwino Ashesi ndi KNUST.

Ahedi Opuma: Sindikutsutsa, aphunzitsi. Sindinati alembere Harvard yokha. Aponye mbedza m'madziwe angapo, makamaka masiku ano pamene malamulo a viza ya ku America akusinthasintha. Koma asachitenso za "ichi chakoma, ichi chakoma". Mafomu asanu ndi atatu olembedwa mosamala aposa makumi atatu olembedwa mothamanga.

Mphunzitsi wa Chemistry: Ndikumva. Nanga ine ntchito yanga ndi iti? Ndimaona ngati zonse ndi za mwanayo.

Madamu a Chingerezi: Apo ndiye pagona nkhani, achimwene. Theka la ntchitoyi ndi lanu, ndipo ana ambiri anzeru amagwa chifukwa cha ife, osati iwo.

Makoleji ambiri a ku America amagwiritsa ntchito Common App, pamene mwana amalemba fomu imodzi n'kuitumiza ku makoleji osapitirira 20. MIT ili ndi fomu yakeyake. Mwanayo akalemba dzina lanu ngati counselor, ndiye kuti mlangizi wake pasukulu, mudzalandira imelo. Ndinu mudzatumize transcript (pepala la magiredi ake), lipoti la sukulu ndi kalata yomuchitira umboni, ndinunso mudzatsimikize kuti sangakwanitse ndalama yolembera fomu kuti amukhululukire. Imelo imeneyo ikakhala mwezi osatsegulidwa, fomu ya mwana imakhala yopereŵera ngakhale iye atamaliza zake zonse.

Kalatayo ndiyo ndimalira nayo. Tinazolowera kulemba ziganizo zitatu: ndi wakhama, ndi waulemu, ndikumuvomereza. Owerenga amaona makalata otere masauzande. Lembani zimene mwaona ndi maso anu. Anachita chiyani tsiku limene zipangizo za mu labu zinasowa? Anafunsa funso lanji limene linakutumizani kukawerenganso buku? Pa ana onse amene mwaphunzitsa, iye ali pati? Ngati ali woyamba pa zaka khumi, nenani mosabisa. Kudzichepetsa kwathu kuja pamenepa kumamupweteka mwana.

Konzaninso tsamba limodzi lofotokoza sukulu yanu, lotchedwa school profile: ana alipo angati, magiredi amayenda bwanji, giredi yapamwamba ndi iti, ndi angati amapita ku yunivesite. Wowerenga ali kutali, sadziwa ngati malikisi 75 pasukulu panu ndi wamba kapena ndi chozizwitsa.

Sala wa Masamu: Pa ntchito ya sukulu yomweyo, pali Lester B. Pearson Scholarship ya University of Toronto. Imalipira fizi, mabuku ndi malo ogona kwa zaka zinayi, koma mwana sangalembe yekha. Sukulu ndiyo imamusankha, mmodzi yekha pachaka, ndipo sukuluyo imayenera kulembetsa kaye. Ahedi anu akagona, mwayi umadutsa pakhomo. Onaninso Berea College ku Kentucky, ku America: kumeneko wophunzira salipira fizi ya maphunziro, koma aliyense amagwira ntchito pakoleji maola osachepera 10 pa sabata.

Funso langa: makolo onse awiri alipo? Ngati mmodzi anatisiya, Ashinaga Africa Initiative inakhazikitsidwira ana otere.

Mphunzitsi wa Chemistry: Onse alipo. Koma za chimangirizo chimene mwana amalemba pa fomu podzifotokoza, ndamuuza kuti afotokoze mavuto a kwawo mwatsatanetsatane kuti amumvere chisoni. Ndalakwa?

Madamu a Chingerezi: Mwalakwitsa pang'ono. Za umphawi zili ndi fomu yake, CSS Profile ya College Board kapena fomu ya kolejiyo, mmene banja limalemba zimene limapeza ndi kuika umboni. Chimangirizo cha Common App sichipitirira mawu 650, ndipo m'mawu ochepawo akufuna kuona mmene mwanayo amaganizira. Mavuto awatchule ngati akuthandiza kumvetsa chimene iye anachitapo. Ndipo chonde musamulembere, kapena kumusiya kuti ChatGPT imulembere. Chingerezi cha mphunzitsi wa zaka 45 chimadziwika msanga.

Pa gawo la zochita kunja kwa kalasi pali malo 10. Ana amasiya osalembapo kanthu poganiza kuti akufuna makalabu okhaokha. Kulera azing'ono ake, kugwira ntchito yothandiza pakhomo, kuphunzitsa anzake madzulo, zonsezo zimawerengedwa.

Ahedi Opuma: Masiku musaiwale. Makoleji ambiri a ku America amatsekera olemba msanga pa 1 November, ndipo olemba nthawi yamasiku onse kumayambiriro kwa January. Chenjerani ndi Early Decision, chifukwa mwana akatengedwa amakhala walonjeza kupita kumeneko asanaone zimene ena akanamupatsa. Mayeso a SAT, olowera ku makoleji a ku America, akonzekerenso, poti makoleji ena amene anawasiya anayambanso kuwafuna: MIT inawabwezeretsa mu 2022, Dartmouth ndi Harvard mu 2024. Pitani naye ku EducationUSA, alangizi a boma la America pa za maphunziro a kumeneko, uphungu wawo ndi waulere, ndipo m'mayiko ena ali ndi Opportunity Funds yolipirira mayeso, viza ndi tikiti ya ndege. Zing'onozing'onozi zimagwetsa anthu pamapeto: ndalama ya SEVIS, yolembetsera wophunzira wakunja ku boma la America, yokha ndi madola 350, viza madola 185.

Mphunzitsi wa Chemistry: Zikomo akuluakulu. Makolo ndawaimbira, anali asanatumize kanthu. Mndandanda tautsitsa kufika pa zisanu ndi zinayi: zitatu za Mastercard, Toronto, Berea, ndi makoleji anayi a Common App. Ahedi avomera kulembetsa sukulu ku Toronto mawa. Kalata ndiilemba Loweruka. Madamu, ndingakutumizireni muione?

Madamu a Chingerezi: Tumizani, koma muchotsemo dzina la mwana. Ndipo mupemphe mphunzitsi wa Physics kapena wa Masamu alembe yachiwiri, poti yanu ya counselor ndi ya mphunzitsi wa phunziro zimawerengedwa padera.