Za Swift Sport ija: ndinagula yopanda turbo

Zikomo nonse amene munandiyankha pamene ndinafunsa kuti ndiitanitse iti kuchokera ku Japan, Suzuki Swift Sport ZC32S ya injini ya 1.6 yopanda turbo kapena ZC33S ya 1.4 Boosterjet, injini ya turbo, imene inatuluka mu 2017.

Ambiri munati nditenge ya turbo. Koma ndinamvera achimwene ena amakaniko amene anati turbo ikafa, ndalama yokonzera ndi yambiri, ndipo mafuta a injini achinyengo amaipha msanga. Ndinagula ZC32S ya magiya 6 osintha ndi dzanja. Inalowera pa Songwe, ndipo ndayenda nayo miyezi inayi tsopano.

Sindikudandaula ngakhale pang'ono, koma a turbo munanena zoona pa mfundo imodzi. Injini ya M16A imeneyi mphamvu zake zili kumwamba, cha pa 6,900 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi). Pansi pa 3,000 imakhala yofooka. Pokwera zitunda za ku Dedza, komwe mpweya ndi wopepuka chifukwa cha kutalika kwa malo, ndimachita kubwerera ku giya yachitatu kuti ndidutse lole. Mnzanga wa ZC33S amangoponda pang'ono basi, poti yake ili ndi mphamvu yokokera ya 230 Nm pamene yanga ndi 160 Nm. Komabe kulira kwake ikakwera, ndi mmene imamverera phazi nthawi yomweyo, zimandikoma mtima kwambiri.

Amene mukufuna kugula, sungani ndalama ya matayala. Aja a 195/45R17 ndi opyapyala, ndipo dzenje limodzi linandiphulitsira tayala sabata yoyamba.