Thandizeni nzeru: alpha ndi beta sizikubwerera bwino pa parameter recovery

Akuluakulu amene munadutsa kale pa masters kapena PhD ya computational cognitive science, chonde ndiunikireni apa.

Ntchito yake ndi two-armed bandit. Munthu amasankha pakati pa zithunzi ziwiri maulendo 100. China chimapereka mphoto maulendo 70 pa 100 aliwonse, chinacho 30. Model ndi ya Rescorla-Wagner (yofotokoza mmene munthu amaphunzirira kuchokera ku mphoto) yokhala ndi softmax (lamulo losankhira chithunzi), ndipo alpha (liwiro lophunzirira) ndi beta (mmene munthu amakakamirira chithunzi chooneka chabwino) ndikuzipeza ndi maximum likelihood (kufufuza manambala ogwirizana kwambiri ndi zosankha za munthuyo) mu scipy ya Python, njira ya L-BFGS-B, kuyambira pamalo 10 osiyanasiyana.

Pavuta ndi apa. Ndikapanga anthu 50 ongoyerekeza pakompyuta n'kuwayezanso kuti ndione ngati alpha ndi beta zimene ndinawapatsa zibwerera (parameter recovery), alpha yosafika 0.1 imabwerera yosokonekera, beta n'kukakakamira pamalire a 20 amene ndinaika. Ziwirizi zikukokana: alpha ikachepa, ma Q (mtengo umene model imapereka pa chithunzi chilichonse) a zithunzi ziwirizo sasiyana kwambiri, ndiye beta imakwera kuti ikwirire mpatawo, likelihood osasuntha kwenikweni.

Kodi ndiwonjezere maulendo ndi kutembenuza mphoto pakati pa ntchitoyo (chithunzi cha 70 chikhale cha 30, cha 30 chikhale cha 70), kapena ndingopita ku hierarchical Bayesian (kuyeza anthu onse pamodzi ngati gulu) mu pulogalamu ya Stan? Ngati yankho lili pa prior (zimene timaganizira za beta tisanaone data), ndi gamma distribution yotani imene imagwira beta popanda kuifinya? Anthu enieni sanayambe kuyesedwa, choncho mpata wosintha ntchitoyo ukadalipo.