Webusaiti ya zovala ija yayamba kuthamanga

Zikomo nonse munandiyankha za webusaiti yanga ya zovala ija inkachedwa kutseguka pafoni. Ndinatsatira za achimwene aja anati vuto ndi zithunzi, zinalidi zolemera poti madiresi ndi zitenje ndinkangoika momwe ndajambulira. Ndazichepetsa n'kuzisintha kukhala WebP (mtundu wa fayilo ya zithunzi wosalemera), vidiyo yapatsamba loyamba ndachotsa, imangodya bandulo ya anthu. Pano ngakhale makasitomala a ku Bangula ndi ku Ngabu akuti ikutseguka msanga. Mabatani a masayizi ndakulitsa kuti chala chisamaphonye, polipira pa Airtel Money ndi Mpamba ndaika poonekera. Zija munanena zogula pulagini (kapulogalamu koonjezera pa webusaiti) ayi, ndalama zake ndilibe.

Amene muli ndi vuto lomweli, yesani kutsegula webusaiti yanu pa kafoni kotchipa ndi bandulo osati WiFi, PageSpeed Insights ya Google yoyezera liwiro la webusaiti ndi yaulerenso.