Ndingapitirize bwanji pulojekiti yomwe mwini wake anaisiya?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimalemba mapulogalamu kuno ku Lilongwe, ndipo pa ntchito yanga ndimadalira library ina (kapulogalamu kolembedwa kale komwe ena amaika m'mapulogalamu awo) ya chilankhulo cha Python yotumizira ma SMS. Ili pa GitHub, tsamba lomwe anthu amasungirapo ndi kugawana mapulogalamu, koma mwini wake anasiya kuikonza kalekale. Ma pull request (zokonza zomwe anthu ena amatumiza kuti mwini wake azilandire) angounjikana, mafunso a anthu osayankhidwa. Ndinawalembera imelo mwaulemu, kuli zii.

Laisensi yake ndi MIT, ndiye kupanga fork (kukopera pulojekitiyo n'kuipitiriza pandekha) sikoletsedwa, bola ndisachotse dzina lawo ndi mawu a laisensiyo. Chikundivuta ndi ulemu wake. Munda ukasanduka tsala sindiye kuti ulibe mwini. Ndidikire nthawi yaitali bwanji ndisanalengeze kuti ndikupitiriza ndine?

Nanga dzina? Pa PyPI, tsamba lomwe anthu amatengapo ma library a Python, pali ndondomeko ya PEP 541 yopemphera dzina la pulojekiti yosiyidwa, koma ineyo ndikuona kuti kuipatsa dzina latsopano n'kulemba mu README (fayilo yofotokoza pulojekitiyo) komwe inachokera ndi kwabwinoko. Vuto ndi lakuti omwe akugwiritsa ntchito dzina lakalelo sadzadziwa kuti zokonzedwa zilipo.

Chinanso, chichitikireni nkhani ya pulogalamu ya xz Utils mu 2024, pomwe munthu anakhulupiriridwa, n'kupatsidwa mphamvu, kenako n'kubisamo backdoor (khomo lachinsinsi lolowera m'makompyuta a ena), anthu amakayikira mlendo wopempha makiyi. Sindikuwada, nanenso ndingatero. Inu amene munalandirapo pulojekiti ya munthu wina, munasonyeza bwanji kuti ndinu odalirika? Ndipo eni ake atatulukira mawa, ndiwabwezere zonse kapena ndiwapemphe kuti tizigwira limodzi?