Kodi mwezi wa Ogasiti tingaujambule motani?

Wojambula wa ku Chamama:

Ndikupempha nzeru kwa akuluakulu ndi anzanga amene mumajambula zithunzi kapena kulemba ndakatulo. Aluso ambiri a ku Ulaya akafuna kusonyeza kutha kwa nyengo yozizira amajambula mwezi wa Febuluwale, chipale chofewa chikusungunuka, mitengo ili mbee popanda tsamba. Kwathu kuno Febuluwale ndi pakati pa dzinja, chimanga chikumasula ngayaye pamene nkhokwe zambiri zili pululu, choncho kutengera zithunzi zimenezo kungakhale kunamiza anthu athu. Mwezi umene umatseka chisanu kuno ku Kasungu ndi Ogasiti, ndipo ndikufuna kuujambula, koma ndikayang'ana panja ndimangoona fumbi, udzu wouma ndi zigafa zopanda fodya. Kodi mwezi umenewu umaimira chiyani m'maso mwanu, ndipo ndi chiyani chimene chiyenera kuoneka pachithunzi kuti munthu wa kuno auzindikire popanda kumuuza?

APhiri a ku Santhe:

Achimwene, mwayang'ana pansi pokha, kwezani maso muone mitengo. Nkhalango zathu zambiri, kuphatikizapo ya Kasungu National Park, ndi za mitengo ya miombo, ndipo mitengo imeneyi ikayoyola masamba m'chisanu imaphukanso chakumapeto kwa Ogasiti mpaka mu Seputembala, mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Mphukira zake sizituluka zobiriwira. Zimayamba zofiira, zina zofiirira ngati mkuwa, zina zachikasu, ndipo zimabiriwira pakapita masabata angapo. Mtengowo umatha kutero chifukwa mizu yake inazama n'kusunga madzi ndi chakudya, ndipo kufiirako kumateteza tsamba lanthete ku dzuwa limene layamba kuswa mtengo. Mukatenga tsamba lotere m'manja mudzaona kuti ndi lofewa, lonyezimira, ndipo kuwala kumadutsamo mpaka mitsempha yake kuonekera.

Kwa ine tanthauzo la Ogasiti lagona pamenepo: pamwamba zonse zikuoneka zakufa, koma moyo wayamba kale kuyenda kuchokera pansi, mitambo isanalonjeze kalikonse. Mango nawo amachita maluwa nthawi yomweyi, njuchi zili wowowo m'nthambi. Mukajambula chilala chokhachokha mudzakhala mwanena theka la nkhani. Pitani kuthengo m'mawa dzuwa likangotuluka, chifukwa masana utsi ndi fumbi zimaphimba mitundu yonseyo.

Nabanda wa ku Mkanda, Mchinji:

Bambo Phiri anena zoona, komabe ine ndikuona kuti chithunzi cha Ogasiti chopanda anthu n'choperewera. Uwu ndi mwezi umene mlimi amapumako khasu, zokolola zili m'nkhokwe, mtedza waswedwa, ndipo midzi imapeza mpata wochita zimene sizitheka m'dzinja, monga chinamwali, maukwati ndi ziliza. Usiku ng'oma zimamveka kutali chifukwa kunja kuli kouma. Loweruka lomaliza la mweziwu Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pamwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ife a ku Mchinji timaona magalimoto odzaza anthu akulowera kuchipata cha Mwami. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe padziko lonse, linamulemekeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, amavinidwa kwambiri nyengo yomweyi, ndipo fumbi limene inu mukudandaula nalo ndi lomwe limabuka pabwalo pamene chilombo chikupalasa.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, mwana wanga. Za gule sizijambulidwa mwachisawawa. Yambani mwaonana ndi amfumu, ndipo jambulani zokhazo zimene zimaonekera poyera pabwalo, za kudambwe muzisiye kwa eni ake.

Mphunzitsi wa ku Mtunthama:

Ine ndimalemba ndakatulo, ndipo chimene ndimamva mu Ogasiti ndi mphepo ndi moto. Kamvuluvulu amadutsa pabwalo la sukulu atanyamula mapesi ndi mapepala, milomo ya ana itang'aluka, ndipo madzulo moto wolusa umaoneka ukukwera mapiri. Ndikupemphani kuti musaukongoletse moto umenewu mopitirira muyeso. Ambiri amauyatsa ndi anyamata osaka mbewa, ndipo moto wa kumapeto kwa chilimwe, udzu utauma kwambiri, umapha timitengo tating'ono ndi kupsereza udzu wofolera nyumba. N'zoona kuti palupsa pamamera msipu wanthete umene ng'ombe zimathamangira, koma chithunzi chonena zoona chiyenera kusonyezanso chitsa chimene sichidzaphukanso.

Nabanda wa ku Mkanda, Mchinji:

Ndabwereranso chifukwa sitinakambepo za utoto. Amayi akumudzi amazira nyumba nyengo inoyi, ndipo m'makoma amalembamo maluwa ndi mizere pogwiritsa ntchito dothi lakatondo, dothi lakuda la kudambo ndi phulusa. Luso limeneli silinayambe dzulo, pakuti zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, ku Dedza, zimene zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, zilinso zofiira ndi zoyera, ndipo zambiri mwa zoyerazo anajambula ndi Achewa ndi dothi loyera pa nkhani za chinamwali ndi nyau. Musanakagule utoto kusitolo, kakhaleni tsiku limodzi ndi agogo amene akuzira khonde, muone momwe amasefera dothi ndi momwe limasinthira mtundu likamauma. Dothi lonyowa limaoneka lakuda kuposa momwe lidzakhalire, choncho yesani kaye pakachidutswa ka pepala, muyanike padzuwa, kenako musankhe.