Fujifilm X100VI: kodi ingagwire ukwati wonse payokha?

Wojambula wa ku Chilomoni:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, koma chikwama cha kamera yaikulu ndi malenzi ake chandithyola msana. Mlongo wanga ali ku Johannesburg, akuti ndikatumiza ndalama andipezera Fujifilm X100VI. Ndaikonda chifukwa ndi yaing'ono, yolowa m'thumba la jekete, koma ili ndi ma megapixel 40. Chondidetsa nkhawa n'chakuti lenzi yake sichoka, ndi 23mm f/2 basi, zoom palibe. Idatuluka mu 2024 pa madola 1,599, ndiye ndi mmene forex ikuvutira sindingagule mongoyesa. Alipo amene akudyera kamera imeneyi?

Mayi wojambula ku Area 25:
Achimwene, ine ndili nayo ndipo ndimaikonda kwambiri, koma musagulitse yaikuluyo.

Imawala m'mawa kunyumba kwa mkwatibwi. Chipinda chopanikiza, atsikana akumangana tsitsi, anakubala akupereka malangizo pamphasa. Ukalowa ndi chikamera chachikulu onse amawuma nkhope. Iyi shutter yake siimveka n'komwe, anthu amaiwala kuti ulipo. Ndili ndi chithunzi cha agogo akumangirira chitenje mdzukulu wawo, misozi ili m'maso, ndidaima pafupi penipeni koma sadatembenuke. Pa perekaniperekani ndimalowa nayo pakati pa ovina, dzanja limodzi, ndalama zikuwuluka.

China chimene ambiri sachitchula: ili ndi leaf shutter (shutter ya mkati mwa lenzi), ndiye flash imagwirizana nayo ngakhale pa liwiro la 1/1000 ya sekondi. Onjezani ND filter ya mkati ya ma stop 4, yochepetsa kuwala kolowa mu kamera. Dzuwa la masana likathwanima pa diresi yoyera, mumajambulabe pa f/2 nkhope n'kuoneka bwino.

Vuto lili m'tchalitchi. Abusa ambiri salola kuti ufike kuguwa, ndipo lenziyi, ngakhale ndi 23mm, imaona ngati 35mm ya pa kamera ya sensa yaikulu (full frame). Mphete polowa pachala imaoneka kutali. Mutha kudula chithunzi poti ma megapixel ndi ambiri, koma sizifanana ndi lenzi yokokera zakutali ya 70-200mm. Ndipo polowa memory card ndi pamodzi pokha. Khadi ikafa, mukawauza chiyani ankhoswe?

Mkulu wa studio ku Mzuzu:
Mayiwa anena zoona. Ndingowonjezera ziwiri. Batire yake ndi NP-W126S, yaing'ono, siifika madzulo pa ukwati. Mlongo wanuyo agule zina ziwiri komweko. Agulenso adapter ring ndi filter yakutsogolo, chifukwa popanda zimenezo siitetezeka ku fumbi ndi mvula. Ukwati wa kumudzi mu Okutobala mukudziwa fumbi lake.

Mnyamata wa zithunzi zam'misewu:
Bwana, musanatumize ndalama, bwerekani lenzi ya 35mm muike pa kamera muli nayoyo, mujambule chinkhoswe chimodzi osaisintha. Ena diso lawo limazolowera kuyenda ndi miyendo m'malo mwa zoom, ena zimawakanika. Ine ndili ndi Ricoh GR III, yaing'ono kuposa pamenepo, koma ilibe poikapo diso, ndiye pa ukwati sindingakulimbikitseni.

Wojambula wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Za khadi imodziyo zandiopsa, yaikulu ikhala ya m'tchalitchi. Loweruka ndili ndi chinkhoswe ku Lunzu, ndiyesa 35mm yobwerekayo. Mayi, kodi mudayesapo TCL-X100 II, galasi lomangirira kutsogolo lija loifikitsa pa 50mm? Pa zithunzi za mkwati ndi mkwatibwi awiriwiri limakwanira?